Mmene mungawerengere Cat's Cradle osasochera m'chigulu cha anthu ake

Buku la Kurt Vonnegut lija la Cat's Cradle ndi laling'ono, linatuluka mu 1963, lili ndi timitu 127 tomwe tina sitikwana ndi tsamba lomwe, nde munthu umaliona ngati ulimaliza Loweruka limodzi, koma ukangofika pakati umapezeka wasokoneza Julian Castle ndi Philip Castle, a Breed awiri aja wawasandutsa munthu mmodzi, ndipo sukudziwanso kuti Mona akukwatiwa ndi ndani. Ine ulendo woyamba zinandichitikira zimenezi, ndinachita kubwerera m'mbuyo kangapo. Nde apa ndikuuzani mmene ndimachitira. Ndineneretu kuti ndiulula mathero, amene simufuna kumva za kutsogolo lekerani pompano.

Choyamba, tengani pepala ndi bolopeni, mujambule mizere itatu. Mzere woyamba lembani Ilium, wachiwiri lembani ndege, wachitatu San Lorenzo. Anthu a m'bukuli amabwera m'magulu malinga ndi komwe wofotokoza nkhani wafika. Ilium ndi tauni yopeka ya ku New York komwe kuli labu ya asayansi, ndege ndi yomwe akukwera popita ku chilumba, San Lorenzo ndi chilumba chopekanso cha ku Caribbean komwe zonse zikathere. Dzina lililonse likatuluka liikeni pamzere wake. Zikuoneka ngati za ku pulayimale koma zimathandiza zedi.

Chachiwiri, mudziwe amene akukuyankhulani. Dzina lake ndi John, ngakhale pachiyambi penipeni amati timutche Jonah, kutengera Yona wa m'Baibulo uja wothawa koma n'kukapezeka komwe amayenera kukapezeka basi. Ndi mlembi, akufuna kulemba buku la zomwe anthu otchuka a ku America ankachita pa 6 August 1945, tsiku lomwe bomba linagwa ku Hiroshima. Bukulo salimaliza. Chomwe muyenera kusunga m'mutu n'chakuti akulemba zonsezi dziko litatha kale, ndipo iyeyo walowa kale chipembedzo cha Bokonon, chomwe buku lake lopatulika limayamba ndi kukuchenjezani kuti zoona zonse zomwe likuuzeni ndi mabodza opanda manyazi. Nde musamukhulupirire kwambiri John, makamaka akayamba kukamba za Mona.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe muyenera kukhalitsa, lembani dzina la Felix Hoenikker pamwamba pa pepala lonse, kunja kwa mizere ija. Munthuyu wamwalira kale nkhani isanayambe, simukumana naye ngakhale kamodzi, mumangomva kwa ana ake ndi anzake a kuntchito, komabe chilichonse chikuchokera kwa iye. Anapata mphotho ya Nobel, ndi mmodzi mwa omwe anapanga bomba la atomiki. Pansi pa dzina lake muzilemba tinkhani tonse tomwe anthu akumunena, chifukwa Vonnegut sakuuzani kuti bamboyu anali wotani, amangokuponyerani tinkhani. Tsiku lina atadya chakudya cham'mawa anasiyira mkazi wake tipu patebulo ngati ali mu lesitilanti. Tsiku lina anatuluka m'galimoto pakati pa mdipiti wa magalimoto n'kuisiya pompo ikulira, mkazi wake Emily ndi amene anakaitenga, anachita nayo ngozi n'kuvulala m'chiuno, ndipo kuvulala kumeneko ndi komwe kunadzamupha pobereka mwana womaliza. Nthawi ina anasiya za bomba n'kuyamba kuganiza za akamba, kuti akamalowetsa mutu msana wawo umapindika kapena umafupika, mpaka mwana wake wamkazi anachita kuuza anzake a kuntchito kuti amuchotsere akambawo kuti abwerere kuntchito. Bomba litayesedwa koyamba mnzake wina anati sayansi tsopano yadziwa tchimo, iye n'kufunsa kuti tchimo n'chiyani.

Mukawerenga tinkhanitu pamodzi muona kuti Felix si mfiti, alibe nkhanza, alibe chidani ndi munthu, ndi mwana wamkulu wongosewera ndi chilichonse chomwe chili pafupi, kaya ndi ulusi kaya ndi bomba kwa iye n'chimodzimodzi. Tsiku la Hiroshima lija anali kunyumba atavala zogonera, akusewera masewera aja okoleka ulusi m'zala n'kumapanga timaonekedwe, omwe pa Chingerezi amati cat's cradle, kutanthauza kabedi ka mphaka, kenako anapita kukaonetsa mwana wake Newt wa zaka 6, mwanayo poona nkhope ya bambo ake pafupi chonchija anachita mantha n'kuthawa akulira, poti bamboyo anali asanasewerepo naye chibadwire.

Apa zimathandiza kudziwa pang'ono za mlembiyo. Vonnegut anagwirapo ntchito yolemba nkhani zotsatsa kampani ya General Electric ku Schenectady, nde ankacheza ndi asayansi tsiku ndi tsiku. Mkulu wake Bernard anali wasayansi komweko, ndi amene anatulukira mu 1946 kuti mankhwala otchedwa silver iodide akhoza kupangitsa mitambo kugwetsa mvula. Ndipo Vonnegut ananena yekha kuti Felix anamutengera kwa Irving Langmuir, wasayansi wa pakampani yomweyo yemwe anapata Nobel mu 1932. Onjezerani kuti mlembiyu anali mkaidi wa nkhondo ku Dresden, ku Germany, mu February 1945 pomwe mzindawo unkaotchedwa ndi mabomba, komanso kuti bukuli linatuluka patangopita miyezi yochepa America ndi Soviet Union atatsala pang'ono kuponyerana mabomba pa nkhani ya Cuba mu October 1962, nde muona kuti nthabwala zakezi zikuchokera kwa munthu woti anaona mitembo.

Chachinayi, mvetsani ice-nine musanapitirire, apo ayi ana a Felix simuwamvetsa. Mkulu wina wa asilikali apamadzi anadandaulira Felix kuti anyamata ake atopa ndi kumenya nkhondo m'matope, apeze njira youmitsira matope. Felix anapanga kachidutswa ka ayezi wachilendo yemwe sasungunuka mpaka kutentha kufike madigiri 45.8 a Celsius, ndipo akakhudza madzi ena alionse amawaphunzitsa kuuma chimodzimodzi, madziwo n'kuphunzitsanso ena, dambo, mtsinje, nyanja, mpaka magazi a munthu. Ndi zopeka izi. Yemwe amamufotokozera John ndi Dr Asa Breed, bwana wa labu, ndipo amalumbira kuti chinthucho kulibe, chinali chongoganizira. Sakudziwa kuti Felix anachipangadi mwakachetechete n'kupita nacho ku kanyumba kake ka ku Cape Cod komwe anamwalira usiku wolowera Khirisimasi, ana ake atatu n'kugawana tizidutswa, aliyense kake mu fulasiki.

Chachisanu, kwa ana atatuwa funsani funso limodzi lokha, anagula nacho chiyani? Lembani yankho pambali pa dzina.

Angela ndi wamkulu, wamtali mopitirira, wosaoneka bwino, anamutulutsa sukulu kuti azilera azichimwene ake ndi bambo ake omwe, mpaka ankawaveka majasi onse atatu m'mawa ngati ana. Analibe mnzake ngakhale mmodzi. Koma akagwira chitoliro chake cha clarinet munthu umaiwala zonse, paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Iyeyu anagula mwamuna, Harrison Conners, mnyamata wooneka bwino yemwe kale ankathandizira mu labu ya Felix ndipo pano ali ndi kampani yogwira ntchito zachinsinsi za boma la America. Nde America ili ndi ice-nine.

Frank, wachiwiri, ali mwana ankaika tizilombo m'botolo n'kumaligwedeza kuti timenyane. Kusukulu anzake ankamuseka kuti Secret Agent X-9 poti ankangoyenda yekha mothamanga osayankhula ndi munthu. Ankakhalira ku shopu ya Jack kupanga timatauni ta zidole ndi tisitima, anthu n'kumati mwana wolimbikira, pomwe ankagona ndi mkazi wa Jack yemweyo. Iyeyu anagula udindo, anafika ku San Lorenzo alibe kalikonse n'kupezeka ndi Major General komanso nduna ya sayansi ndi chitukuko. Nde wolamulira wankhanza wa kachilumba kosauka ali ndi ice-nine.

Newt, womaliza, ndi wamfupi zedi, msinkhu wa mwana ngakhale ndi munthu wamkulu, anachotsedwa ku yunivesite ya Cornell atalephera mayeso, amajambula zithunzi zakuda zokandakanda. Anagula masiku ochepa a chikondi ndi Zinka, wovina wa ku Ukraine wamfupi ngati iye yemwe, yemwe ananama kuti ali ndi zaka 23 pomwe anali ndi 42, ndipo anali kazitape. Nde Soviet Union nayo ili ndi ice-nine. Kwa ine Newt ndi amene amaona bwino kuposa onse m'bukuli. Ndi iye amanena kuti akuluakulu akhala akuonetsa ana ulusi wopingasa m'zala kwa zaka zikwizikwi n'kumati taona mphaka, taona kabedi kake, mwana n'kuyang'ana, mphaka palibe, kabedi palibe. Akamva za ukwati wa Angela woti ndi wabwino pomwe mwamunayo amabwera usiku ataledzera ali ndi lipisitiki, amangotambasula zala n'kufunsa ngati mwamuona mphakayo. Akamva za chipembedzo, chimodzimodzi. Paliponse pomwe watambasula zala ikani kachizindikiro.

Taonani kuti palibe mwa atatuwa amene ankafuna kuononga dziko. Wina amafuna banja, wina ulemu, wina kukondedwa, zinthu zomwe bambo awo sanawapatse. Ku manda a ku Ilium chiliza cha mayi awo ndi chachitali ngati nsanja, anachigula ndi ndalama za Nobel zija, cha bambo awo ndi kamwala kakang'ono basi.

Chachisanu ndi chimodzi, anthu ena onse a mzere wa Ilium musavutike nawo kwambiri, ambiri amaoneka kamodzi n'kusowa. Marvin Breed ndi mng'ono wa Asa, amagulitsa ziliza, ndipo ndi yekhayo amene amanena poyera kuti Felix mwina anabadwa wakufa kale mumtima. Asa uja anali chibwenzi cha Emily Felix asanamukwatire, musaphonye pamenepo. Miss Pefko ndi mlembi yemwe amataipa zinthu zomwe sazimva n'komwe, Miss Faust ndi mayi wachikulire yemwe anayesa kumuuza Felix kuti Mulungu ndi chikondi iye n'kufunsa kuti Mulungu n'chiyani, chikondi n'chiyani. Palinso Sherman Krebbs, wandakatulo yemwe John anamubwereka nyumba n'kupeza waiononga ndipo wapha mphaka wake. Mzere umodzi aliyense wakwana.

Chachisanu ndi chiwiri, phunzirani mawu asanu okha a chipembedzo cha Bokonon, enawo muziwadumpha. Karass ndi gulu la anthu omwe akugwira ntchito ya Mulungu limodzi osadziwa, mwina sadziwananso n'komwe. Wampeter ndi chinthu chomwe gululo likuzungulira, pano ndi ice-nine. Duprass ndi karass ya anthu awiri okha. Foma ndi mabodza osapweteka omwe amamupatsa munthu mphamvu. Ndipo granfalloon ndi karass yabodza, gulu lomwe anthu amalinyadira koma lopanda tanthauzo, chipani, kampani, dziko. Mukawadziwa awa mzere wa ndege uja muuwerenga mosavuta chifukwa Vonnegut anaika mabanja awiri moyang'anana dala.

Banja loyamba ndi H. Lowe Crosby ndi mkazi wake Hazel. Bamboyo ali ndi fakitale ya njinga, akufuna kuisamutsira ku San Lorenzo chifukwa akuti kumeneko anthu ndi osauka, amantha, sadziwa za mabungwe a ogwira ntchito, ndipo amasangalala kumva kuti akuba amapachikidwa pa mbedza. Hazel akangomva kuti munthu ndi wa ku Indiana basi wasanduka mwana wake, azimutchula kuti mayi. Ija timachita ife tikakumana ku Johannesburg kapena ku Leeds n'kumva kuti nonse ndinu a boma limodzi, pompo mwasanduka pachibale ngakhale simukugwirizana pa chilichonse, imene ija nde granfalloon. Banja lachiwiri ndi Horlick Minton, kazembe watsopano wa America, ndi mkazi wake Claire yemwe ntchito yake inali yolemba mlozera wa kumapeto kwa mabuku ndipo amatha kudziwa khalidwe la mlembi pongowerenga mlozera womwe wadzilembera yekha. Awa nde duprass, safuna munthu wachitatu, ndipo amafa limodzi atagwirana manja. Muwerenge mofatsa zomwe Minton amayankhula pa mwambo wokumbukira asilikali 100 a pachilumbachi omwe sitima yawo inamizidwa itangotuluka padoko, amati omwe amafa kunkhondo ndi ana ophedwa, osati ngwazi. Ndi malo amodzi omwe ndimaona kuti mlembi wasiya kuseka.

Chachisanu ndi chitatu, mzere wa San Lorenzo muuyambe ndi anthu awiri a kale. Lionel Boyd Johnson, munthu wakuda wobadwira ku Tobago mu 1891, ndi Earl McCabe, msilikali wa ku America wothawa usilikali, ngalawa yawo inasweka n'kukatsakamira pachilumbachi mu 1922. Anthu akumeneko potchula Johnson lilime linkawapotokera n'kumati Bokonon. Awiriwa anayesa kuthetsa umphawi, zinakanika, nthaka yosabereka anthu ochuluka, nde anagwirizana zopatsa anthu sewero m'malo mwa chakudya. Bokonon anapeka chipembedzo n'kupempha yekha McCabe kuti achiletse ndi kumuthamangitsa, kuti chikome. Wina akhale woyera wa kutchire, wina wankhanza wa mutauni. Chilango chake mbedza, koma aliyense pachilumbapo ndi wa Bokonon, ndi pulezidenti yemwe. Mwambo wawo waukulu ndi boko-maru, anthu awiri kukhala pansi n'kugunditsa mapazi kuphazi kwa mnzake. Choti mulembe apa n'chakuti seweroli linawadya eni ake, McCabe anayamba kuphadi anthu ndipo mapeto ake anadzipha, nde musathamangire kunena kuti bukuli likuti sayansi ndi yoipa chipembedzo ndi chabwino. Bokonon yemweyo ndi amene kumapeto amauza khamu la anthu opulumuka kuti Mulungu wathana nawo, iwo n'kudya ice-nine onse, iye n'kuchokapo wamoyo.

Kenako "Papa" Monzano, yemwe anali wantchito wamkulu wa McCabe n'kulowa m'malo mwake. Akudwala khansa, amakuwa kuti sayansi ndiye matsenga ogwira ntchito, Bokonon aphedwe, koma pofa amathamangitsa m'busa wachikhristu n'kupempha mwambo wa Bokonon. Womuchitira mwambowo ndi dokotala wake, Schlichter von Koenigswald, yemwe anali dokotala wa SS, gulu la asilikali a Hitler, ku msasa wophera anthu wa Auschwitz zaka 6 ndipo pano akupulumutsa anthu usana ndi usiku, Julian Castle amati akapitiriza chonchi adzafananitsa opulumutsidwa ndi omwe anawalekerera kuti afe m'chaka cha 3010.

A Castle aja kuti musawasokonezenso, Julian ndi bambo, mwana wa eni kampani ya shuga, anadya ndalama ndi akazi ndi mowa mpaka zaka 40 kenako n'kumanga chipatala chaulere m'nkhalango, koma mukamumva kuyankhula ndi munthu wonyoza chilichonse. Ndi amene John watumidwa ndi magazini kukamulemba. Philip ndi mwana wake, mwini hotela ya Casa Mona yomwe ilibe alendo, ndiponso ndi amene analemba buku la mbiri ya chilumbachi lomwe John akuwerenga m'ndege. Bambo chipatala, mwana hotela, mwamaliza.

Mona Aamons Monzano ndi amene ndimavutika naye. Bambo ake omubereka anali Nestor Aamons, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Finland, "Papa" anangomutenga kuti akhale mwana wake. Amaimba xylophone, chija chofanana ndi mangolongondo, ndi wokongola koti John anamukonda atangoona chithunzi mu nyuzipepala. Ine ndimaona kuti mlembi sanamupatse zambiri, ali ngati chikho cha mpikisano, amene akhale pulezidenti ndi amene amutenge. Komabe yang'anani pomwe John akumuletsa kuchita boko-maru ndi anthu ena, iye amakana n'kunena kuti amakonda aliyense, John ndi amene amagonja. Pamzere wake lembani zomwe iye wanena yekha, zomwe John akumuganizira muzisiye.

Chachisanu ndi chinayi, mukafika pomwe Frank akumupatsa John upulezidenti, imani kaye mubwerere pamwamba pa pepala paja. Frank akukana mpando chifukwa akuti iye ndi wa zaukatswiri, za anthu sazitha, akufuna ulemu wonse popanda kusenza mlandu uliwonse. Jambulani muvi kuchoka pa Frank kupita pa Felix. Ndipo John naye, munthu yemwe anabwera kudzalemba za anthu osasamala, akuvomera mpandowo chifukwa cha mkazi, akuganiza zochotsa mbedza ndi kumuitana Bokonon, kenako n'kuona kuti alibe chakudya choti apatse anthu, nde zisiyeni mmene zilili. Sipanathe ndi tsiku lomwe.

Chomaliza, timitu totsiriza tiwerengeni muli ndi bolopeni m'manja n'kumakhwatcha. "Papa" wameza ice-nine, wauma gwa. Von Koenigswald wamukhudza n'kusamba m'manja, madzi auma, wagunditsa lilime pa ayeziyo, khwatchani. Ana a Felix akusesa tizidutswa n'kubisa nkhaniyo, mtembo aupsereza mwambo wokumbukira asilikali 100 uja ukatha. Pamwambopo ndege imodzi yankhondo yagwira moto n'kuomba phiri lomwe pali nyumba ya pulezidenti, mbali ya nyumbayo yagumukira m'nyanja, a Minton apita nayo, kenako mtembo wa "Papa" nawo watsetsereka n'kugwera m'madzi. Palibe amene anadina batani, ndi ngozi wamba. Nyanja zonse zauma, kumwamba kwadzaza akamvuluvulu. A Castle onse awiri afa akulowera ku chipatala chawo, Angela watola clarinet n'kuiika pakamwa osasamala kuti yakhudzidwa kapena ayi, Mona waona chigwa chodzaza mitembo, waseka, wagunditsa chala pansi kenako pamlomo.

Tsopano werengani mayina osakhwatchidwa. John akulemba buku lomwe mwagwirali. Newt akujambula. Crosby akuphikira anzake, Hazel akusoka mbendera ya America. Frank akuonerera nyerere zomwe waziika pakati pa magalasi awiri, zomwe zaphunzira kuunjikana pa kachidutswa ka ice-nine mpaka kasungunuke, zapakati n'kufa zinazo n'kumwa, ndipo akuchita kukalipa kuti anthu bwenzi atatengera nyerere. Ndipo m'mbali mwa msewu mwakhala nkhalamba yakuda yopanda nsapato, yafunda nsalu ya pabedi ya ku Casa Mona, ili ndi pensulo ndi kapepala, ikuganizira chiganizo chomaliza cha mabuku ake. Ameneyo pa pepala lanu munamulemba kalekale, koma aka ndi koyamba kumuona ndi maso, pa tsamba lomaliza.